Nkhondo ya ku Karonga ya 1914: chinachitika n'chiyani?

Nachisale, Rosettenville:
Abale, ana kuno ku Johannesburg amangomva za nkhondo ya Azulu ndi Angerezi ya ku Isandlwana. Ndikufuna kuwafotokozera za kwathu. Nkhondo ya ku Karonga inayenda bwanji, ndipo chatsala choti n'kuona n'chiyani?

Mphunzitsi, Yeoville:
Mayi, inachitika pa 9 September 1914. Majeremani anachokera ku German East Africa (komwe lero ndi ku Tanzania), kuwoloka mtsinje wa Songwe. Gulu lalikulu la King's African Rifles, asilikali a mbali ya Angerezi, motsogozedwa ndi Captain Barton, linali litapita kumpoto kukawachingamira. Cholakwika n'chakuti magulu awiriwa anaphonyana m'tchire. Majeremani anangotulukira pa boma la Karonga, pomwe panatsala asilikali ochepa chabe. Ochepawo analimba chifuwa kwa maola angapo mpaka anzawo anabwerera n'kuwathamangitsa adaniwo, ndipo tsiku lomwelo anawalanda mizinga iwiri. Chondiwawa ine n'chakuti ambiri amene anafa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda.

Achimwene a ku Turffontein:
Yambirani pa 13 August, mayi. Sitima ya Angerezi ya Guendolen inaombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, doko la kutsidya la kum'mawa kwa nyanja ya Malawi. Nyanja itakhala m'manja mwa Angerezi, asilikali ndi katundu ankafika ku Karonga pamadzi. Komanso imfa zimenezi ndi zomwe John Chilembwe anadandaula nazo m'kalata yake, asanaukire mu January 1915.

Gogo wa ku Berea:
Mukapita, tsikirani ku Mzuzu, mutenge msewu wa M1 kudzera pa Chiweta. Nthawi ya mvula zitunda zake zimavuta. Manda a asilikali alipo m'tauni momwemo. Osasokoneza nkhondoyi ndi ya Mlozi, wogulitsa akapolo uja, yomwe inatha mu December 1895.