Tortilla ya chimanga ikuthyoka popinda quesadilla: vuto lili pa ufa kapena pa moto?

Nabanda, wophika pa loji ina ku Mangochi:
Moni ophika anzanga nonse. Pa loji yomwe ndimagwira ntchito taika quesadilla, yomwe ndi tortilla (kamkate kopyapyala kozungulira) yopinda pakati yokhala ndi tchizi m'kati, pa mndandanda wa zakudya zamasana, ndipo tikufuna ya chimanga monga amadyera pakati ndi kumwera kwa dziko la Mexico, osati ya tortilla za tirigu zogula m'mapaketi. Ndayesa ufa woyera, ndayesa mgaiwa, ndasakanizanso awiriwo, koma tortilla iliyonse ndikaipinda imathyoka ngati chigumu chogona, tchizi n'kutayikira pachiwaya. Nditayesa kuyamba ndaphika ufawo, inapindika pang'ono, koma kakomedwe kake kanali ka nsima yowotcha ndipo alendo anabweza mbale. Kodi ndikulakwitsa moto kapena muyeso wa madzi?

A Phiri, ophika m'lesitilanti ya zakudya za ku Mexico ku Johannesburg:
Achemwali, musavutike ndi moto, chifukwa vuto lili pa ufa, ndipo ngakhale mutasintha madzi kangati ufa wa kuchigayo sungagwirane. Anthu a ku Mexico sagaya chimanga chouma monga timachitira ife. Amayamba achiphika chathunthu m'madzi a laimu wodyedwa, amene iwo amati cal, n'kuchisiya usiku wonse m'madzi omwewo, kenako amachitsuka ndi kuchipera chikadali chonyowa. Chimanga chophikidwa chonchi amachitcha nixtamal, ndipo phala lolimba lotuluka popera ndilo masa. Laimuyo amafewetsa khungu la njere n'kulisandutsa ngati ulimbo wogwirizanitsa masa, pamene kutentha kumapsetsa mbali yochepa chabe ya sitachi. Ufa woyera ndiye sungathandize n'komwe, popeza pokonola timachotsa gaga, yemwe ndi khungu lofunikalo.

Muyeso umene timatsata kuno ndi uwu: pa kilogalamu 1 ya chimanga timaika magalamu 10 a laimu ndi malita 3 a madzi. Chibwate pang'onopang'ono kwa mphindi pafupifupi 30, ngakhale chimanga chamakolo, poti n'cholimba, chimafuna nthawi yoposerapo. Chizindikiro chake n'chakuti khungu limasupuka mukatikita njere ndi zala, koma mukailuma m'kati mukadali moyera ndi molimbirako. Mukatero phulani, vundikirani, chikhale maola 8 mpaka 12. Potsuka musachite kuyeretsa ngati mphale. Siyaniko khungu lina. Mphika ukhale wachitsulo chosachita dzimbiri, pakuti laimu amadya aluminiyamu, yemwe mapoto athu ambiri amapangidwa naye.

A Mwale, ophunzitsa zophikaphika ku Blantyre:
A Phiri afotokoza bwino, koma ndifunseko: bwanji osagwiritsa ntchito chidulo? Amayi athu akhala akutcheza phulusa la zitsononkho kuti afewetse thelele ndi nkhwani, ndipo kumadera ena a ku Mexico ndi ku Central America amaphikanso chimanga ndi phulusa la nkhuni. Ndikuopa kuti a Nabanda akapita kukafuna laimu ku Mangochi adzapatsidwa wopaka nyumba kapena wothira m'munda.

A Phiri:
Bambo Mwale, mfundo yanu ndi yoona, phulusa limagwira ntchito, ndipo panyumba ndingalimbikitse munthu kuyesa. Chovuta pa bizinesi n'chakuti mphamvu ya chidulo imasintha malinga ndi chimene mwawotcha ndi madzi amene mwatchezera, choncho lero masa ituluka bwino, mawa iwawa, ndipo mlendo amene wabweranso adzadabwa. Soda wophikira ndiye ndi wofooka pa ntchito imeneyi. Pa za laimu mwachenjeza bwino: wa m'munda ndi mwala wopera chabe ndipo sasupula khungu, pamene wa zomangamanga sanayeretsedwe kuti adyedwe. Wofunika ndi calcium hydroxide wa zakudya, amene m'masitolo a amwenye amatchedwa chuna, chifukwa amapaka pa masamba otafuna aja a paan. Madzi otsala pophika amawotcha khungu, choncho valani magolovesi. Ngati zonsezi zikuchulukirani, pali ufa wopangidwa kale ku nixtamal wotchedwa masa harina, monga wa Maseca, umene mumangosakaniza makapu 2 ndi kapu 1 ndi theka ya madzi ofunda, koma kuitanitsa kunja kudzakweza mtengo wa mbale.

Nabanda:
Zikomo achimwene. Nanga ndipera ndi chiyani, poti a chigayo sangalole chimanga chonyowa?

A Phiri:
Sangaloledi, chingatseke sefa. Ku Mexico kale ankapera pa metate, mwala wofanana ndi mphero yathu, koma pa khitchini ya loji gwiritsani chopukusira chamanja cha mbale ziwiri, kapena chogayira nyama chokhala ndi sefa ya timabowo tating'ono, mubwereze kawiri kapena katatu uku mukuwaza madzi. Kandani, umbani kampira ka magalamu 35, kakanikizeni pakati pa mapepala awiri apulasitiki; m'mphepete mukang'aluka, madzi achepa.

Nachisale, mwini malo odyera ku Lilongwe:
Ine ndilankhulepo za m'kati, chifukwa tortilla ikakhala bwino vuto lotsatira lidzakhala limeneli, ndipo linandidyera ndalama ndisanalimvetse. Dzina loti quesadilla likuchokera ku queso, kutanthauza tchizi m'Chisipanishi, ndipo tchizi amene anthu a ku Mexico amakonda ndi wa kuchigawo chawo cha Oaxaca, woyera, wonyenyeka ngati ulusi, kapena wa ku Chihuahua kumpoto. Kuno woyandikira wa ku Oaxaca ndi mozzarella wouma wa pitsa, popeza onse awiri amapangidwa pokoka tchizi m'madzi otentha. Cheddar yekha amatuluka mafuta ambiri n'kunyowetsa tortilla, choncho ine ndimaika magawo 3 a mozzarella pa gawo 1 la cheddar kuti pakhale kakomedwe. Musadzaze, magalamu 30 akwanira pa tortilla yaing'ono, ndipo musiye mpata m'mphepete.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti imodzi mwa quesadilla zotchuka kwambiri m'misika ya ku Mexico City ndi ya flor de calabaza, yomwe ndi chiluwe chomwechi timathyolera limodzi ndi nkhwani. Amaikanso bowa, mbatatesi yosakaniza ndi soseji ya chorizo, ngakhalenso huitlacoche, nthenda ija yotupitsa njere za chimanga n'kuzidetsa, imene mlimi wa kuno amataya. Zonsezi ziyambe zakazingidwa ndi anyezi mpaka madzi aphwe, apo ayi nthunzi idzafewetsa tortilla n'kuiboola. Dziwaninso, amayi, kuti mumzinda umenewo quesadilla ikhoza kubwera yopanda tchizi ngati simunapemphe, nkhani imene anthu a zigawo zina za dzikolo amawaseka nayo mpaka lero. Ndipo mukaphatikiza tortilla ziwiri za tirigu, hamu ndi tchizi pakati, imeneyo ndi sincronizada. Musailembe dzina lolakwika pa mndandanda.

A Mwale:
Pa moto ndiwonjezereko pang'ono. Pophika tortilla yokha chiwaya chikhale chouma ndi chotentha kwambiri, monga comal, chiwaya cha anthu a ku Mexico, ndipo muitembenuze kawiri. Ikafufuma pomaliza ndiye kuti yapsa bwino. Muziunjika m'nsalu kuti nthunzi izifewetse. Pobwerera nazo pachiwaya ndi tchizi, moto uchepe, chifukwa moto waukali umauma kunja tchizi asanasungunuke, ndipo tortilla yozizira muyambe mwaifunditsa musanaipinde.

Nabanda, patapita masiku 6:
Ndabwera kudzapereka lipoti. Chuna ndinamupeza kudzera mwa mnzanga wa ku Limbe. Ulendo woyamba ndinaphikitsa chimanga, masa inachita kunanda ngati ulimbo moti sinachoke papulasitiki, ndipo ndinataya yonse. Ulendo wachiwiri ndinaphula pa mphindi 35, ndinapera katatu pa chogayira nyama, ndipo pa tortilla 40 zimene zinatuluka, zothyoka zinali 3 zokha, zomwenso ndinazisiya kunja kwa nsalu. Ya chiluwe yatha yonse dzulo masana, ndinaperekera limodzi ndi tomato wowotcha wosinja ndi kambuzi. Chatsala n'chakuti kutentha kwa kunyanja kuno kukusasitsa masa ikafika madzulo.

A Phiri:
Masa simachedwa kusasa, achemwali, makamaka nyengo ino. Perani yokwanira chakudya chimodzi, ndipo chimanga chotsala, mutachitsuka ndi kuchikhetsa madzi, chisungeni m'firiji chosapera, mudzapere mawa. Masa imene mukugwiritsa ntchito ikhale yofunditsidwa ndi nsalu yonyowa kutali ndi chitofu, ndipo yochokera m'firiji muikandenso ndi madzi ofunda pang'ono musanaumbe.