Akuti mchemwali wanga ali ndi bipolar, mankhwala amusinthira

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Mchemwali wanga wa ku Chipoka, kuno ku Salima, ankamwa amitriptyline atamupeza ndi matenda okhumudwa. Kenaka anayamba kuchezera usiku osagona, kulankhula kosalekeza, mpaka anagulitsa usipa wonse wa pathandala n'kumwaza ndalamazo tsiku lomwelo. Pano adokotala akuti ndi bipolar (matenda a maganizo omwe munthu nthawi zina amakhumudwa kwambiri, nthawi zina n'kumatakataka mopyola muyeso), ndipo mankhwala aja akamwedwa paokha amatha kudzutsa zoterezi. Amusiyitsa, amupatsa sodium valproate.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti ali pabanja ndipo akufuna mwana, chonsecho valproate amatha kuvulaza mwana m'mimba. Wayambanso kunenepa, manja akunjenjemera akagwira kapu ya tiyi.

Alipo anadutsamo? Munakambirana zotani ndi adokotala pa za mankhwala ena? Nanga alamu anga, omwe akakamira zoti walodzedwa, ndiwafotokozere bwanji?