Za chiliza cha agogo ku Ngabu

Amalume a ku Ngabu: Abale anga, chiliza cha mayi athu tikavundukula pa 30 Ogasiti monga tidagwirizana, koma mwa mabanja 9, omwe apereka K40,000 yawo ndi anayi okha. Dzulo kudabwera anyamata a mkulu wina amene akufuna uphungu kuno, ndipo akuti bwana wawo agula simenti ndi mbuzi ziwiri bola apatsidwe mpata wolankhula pamanda.

Azakhali a ku Bangula: Achimwene, landirani. Namondwe wa Freddy atatikokolera zonse mu 2023 anthu amenewa sitidawaone, tsono asiyeni abweze.

Mphwa wa ku Blantyre: Amalume, ndikupempha kuti tiyambe taganiza. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa opikisana kugawa ndalama kapena katundu pofuna mavoti, ngakhale limalola nsalu ndi malaya a chipani. Komanso simenti yotere kawirikawiri siichokera m'thumba mwa mwini wake. Boma limathandiza zipani zokhazo zomwe zidapeza mavoti opitirira gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo ndalama zambiri za kampeni zimachokera kwa amalonda amene adzafune makontirakiti chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chikadzapita.

Azakhali a ku Bangula: Mwanawe, malamulowo ndi a ku Blantyre. Ine ndati landirani.

Alamu a ku Nchalo: Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mafoni. Anyamatawo adzajambula khamu lathu pamanda, madzulo omwewo kanema adzakhala pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp kuti mudzi wonse uli pambuyo pa bwana wawo, pamene ife tidzakhala titasonkhanira mayi. Zanga nditumiza tikalandira ku mizimbe.

Mphwa wa ku Blantyre: Achimwene a ku Johannesburg akuwerenga zonsezi, koma chiyambire Juni sadayankhepo.

Azakhali a ku Bangula: Ena adalonjezanso bokosi pamaliro paja, tonse tikukumbuka amene adaligula. N'chifukwa chake ndikuti landirani.

Amalume a ku Ngabu: Achemwali, zakale tizisiye. Mabanja asanu otsalawo akatumiza pofika Lachisanu, simenti tigula tokha ndipo anyamatawo ndiwabweza mwaulemu Loweruka. Mukapanda kutumiza, musadzandifunse kuti walankhula pamanda a mayi ndi ndani.

Azakhali a ku Bangula: Nanga titalandira mbuzi zokhazo, simenti n'kuikana, palinso mlandu?