Zithunzi zili pa NAS koma Lightroom ikukana kulemba mu foda

Wojambula wa pa Kasungu boma:
Akuluakulu, ndithandizeni msanga chifukwa eni ukwati akufuna alubamu yawo Loweruka lino ndipo ntchito yaima. Zithunzi zonse za situdiyo timasunga pa Synology ya madisiki awiri (NAS, bokosi losungira mafayilo pa netiweki), yoyendera pulogalamu ya DSM 7, mu foda imodzi yogawana. Ine ndimagwira ntchito pa Windows ndi Lightroom Classic (pulogalamu yokonzera zithunzi) kudzera pa SMB, pomwe mnyamata wondithandiza amakhuthula makhadi pa kompyuta ya Ubuntu yolumikizidwa kudzera pa NFS (SMB ndi NFS ndi njira ziwiri zolumikizira kompyuta ku NAS). Mafoda akale alibe vuto. Koma foda ya ukwati wa ku Chamama imene iye anakopera dzulo ndi rsync (lamulo lokopera mafayilo), zithunzi zake zikutseguka bwinobwino, koma ndikati ndisunge XMP (kafayilo kosunga zimene ndakonza pa chithunzi), ndisinthe dzina la fayilo kapena ndisunthe chithunzi, ikundiuza kuti ndilibe chilolezo, chonsecho akaunti yanga ili ndi read/write pa foda yaikuluyo. Ndazimitsa ndi kuyatsanso makina onse, palibe chasintha. Mu File Station (pulogalamu yoonera mafayilo pa Synology), pamene pamakhala dzina la mwini fayilo pakungooneka nambala 1000. Ndiyambire pati?

Mkulu wa makamera, Santhe:
Achimwene, zithunzi zimene mukuzikonza sizikhala pa netiweki. Gulani hard drive ya USB, kopererani pamenepo, malizani ntchito ya anthu. Ngakhale Lightroom yeniyeniyo sivomera kuti katalogu yake (fayilo yosunga mndandanda wa zithunzi) ikhale pa netiweki, ndiye inu mukulimbana ndi chiyani?

Wa makompyuta, Mchinji:
Bambo a ku Santhe, zimene mwanena za katalogu n'zoona, koma mafayilo a zithunzi amaloledwa kukhala pa NAS, ndipo amene akuvuta pano ndi mafayilowo. Achimwene a ku Kasungu, nambala 1000 imene mwaionayo ndiyo yaulula vuto. NFS siyang'ana dzina la munthu, imayang'ana nambala yake yotchedwa UID, monga momwe belo la fodya ku Chinkhoma limadziwikira ndi nambala ya mlimi. Pa Ubuntu akaunti yoyamba imapatsidwa 1000, pomwe pa Synology maakaunti amene mumatsegula nokha amayambira pa 1026. Choncho mafayilo amene mnyamata wanu anakopera ndi a munthu amene NAS simudziwa. Komanso ngati analemba rsync -a, lamulolo linanyamula zilolezo za kuchokera komwe kunali mafayilo, mwina 755 pa mafoda ndi 644 pa mafayilo (zimene zimalola mwini yekha kulemba), n'kuphimba ACL (mndandanda wa zilolezo) imene foda yatsopano ikanatengera kwa foda yaikulu. Pamenepo inu mwasanduka mlendo wololedwa kuwerenga basi. Lowani mu File Station ndi akaunti ya admin, tsegulani Properties za foda ya ukwatiyo, sinthani mwini, bwezeretsani zilolezo za akaunti yanu, ndipo muchonge kuti zigwire mafoda ndi mafayilo onse a mkati. Koma musanakhudze kalikonse, muonetsetse kuti makhadi a kamera sanafufutidwe.

Mayi wa situdiyo, Nkhamenya:
Ndikupempheni chinthu chimodzi, achimwene. Wina akakuuzani kuti mulowe pa SSH n'kulemba chmod -R 777 (lamulo lopatsa aliyense chilolezo chochita chilichonse pa mafayilo onse), mukane. Kwathu kuno katswiri wina amene tinamuitana anachita zimenezo pa foda yonse ya situdiyo, nati vuto latha. Linathadi tsiku limenelo. Koma zilolezo zonse zimene tinagawa mosamala zinafafanizika, ndipo ana awiri amene tinkawaphunzitsa ntchito anayamba kulowa paliponse, mpaka m'modzi anafufuta foda ya chinkhoswe poganiza kuti ndi zotsalira za kusindikiza. Recycle Bin ya foda yogawanayo inali isanayatsidwe. Ndinapita ndekha kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kukapepesa, ndalama ndinabweza, koma banja lija lilibe chithunzi ngakhale chimodzi cha agogo awo amene anamwalira chaka chomwecho. Mpaka lero ndikakumana nawo pa msika ndimasowa poyang'ana.

Wojambula wa pa Kasungu boma:
Zikomo mayi, 777 sindiyesa. Makhadi awiri alipo, koma lachitatu mnyamata walifufuta kale m'mawa uno pokajambula zithunzi za ana a sukulu. Ndiye kuti zithunzi za ku tchalitchi zili pa NAS pokha. Achimwene a ku Mchinji, ndikakonza foda iyi, nanga mawa akakoperanso zina sizibwereranso?

Mkulu wa makamera, Santhe:
Mwaona tsono zimene ndimanena? Zikanakhala pa hard drive ya USB, nkhani ya manambala a mwini sikanabuka n'komwe. Ine ndinayamba kujambula nthawi ya filimu, ndipo sindinaonepo drive yondifunsa kuti ndine yani.

Wa makompyuta, Mchinji:
Zibwereranso ngati simusintha njira yokoperayo. Njira yosavuta ndi yakuti kompyuta ya Ubuntu isiye NFS, ilumikizidwe kudzera pa SMB ndi cifs, mnyamatayo akhale ndi akaunti yakeyake pa NAS, nonse mukhale m'gulu limodzi limene lili ndi read/write. Mukatero mafayilo atsopano azitengera zilolezo za foda yaikulu. Ena amasintha Squash mu zilolezo za NFS kuti aliyense wolowa aziwerengedwa ngati admin, ndipo zimagwira ntchito, koma ine sindikulimbikitsani, chifukwa kompyuta imene ili pa kauntala, pamene makasitomala amalowetsa mafulashi awo, ikhala ndi mphamvu yofufuta chilichonse. Koma poti khadi limodzi lapita, choyamba koperani foda yonse ya ukwatiyo kwina lero lomwe, poti kuwerenga ikukulolani. Madisiki awiri a RAID 1 (osunga zinthu zofanana onse awiri) si backup, chifukwa chimene chafufutidwa pa imodzi chimafufutikanso pa inzake nthawi yomweyo.

Mkulu wa makamera, Santhe:
Kukopera kwina kumeneko ndi pa hard drive ya USB imene ndakhala ndikunena. Tafika pomwe ndinayambira.

Wojambula za mipingo, Kamwendo:
Ndiwonjezepo chenjezo lina. Mukasintha maakaunti, mukumbukire kuti Windows imasunga dzina ndi pasiwedi zakale mu Credential Manager, ndipo sivomera kulowa pa seva imodzi ndi maina awiri nthawi imodzi. Mukaona error 1219, chimenecho ndicho chachitika. Lembani net use * /delete, chotsani zakalezo, mulowenso. Ine zinandidyera usiku wonse titabwera ku Kulamba ku Mkaika, ndili ndi makhadi odzaza ndi gule, ndikusinthasintha zilolezo pa NAS pomwe vuto linali pa laputopu imene inkalowabe ndi akaunti ya munthu amene anasiya ntchito.

Mayi wa situdiyo, Nkhamenya:
Komanso musayambe kusintha zilolezo za mafayilo ambiri chonchi popanda UPS (batire logwirizira makina magetsi akazima). Magetsi akazima ntchitoyo ili pakati, mafayilo ena adzakhala asintha, ena ayi, ndipo nthawi zina volume yonse imadzuka ili read-only, zimene munthu angaziyese vuto la zilolezo pomwe ndi disiki. Muyang'ane kaye Storage Manager ngati ikunena kuti zonse zili bwino.

Wojambula za mipingo, Kamwendo:
Mayi, UPS yanu mumailumikiza ku NAS ndi chingwe cha USB kuti izidziteteza yokha batire likatsika, kapena mumangodalira inverter ya sola? Yanga ikumangolira magetsi akachepa mphamvu madzulo, ndipo ndikukayikira ngati batire lake lingapirire mpaka nyengo ya maukwati ithe.

Wa makompyuta, Mchinji:
Achimwene a ku Kasungu, foda ija mwaikopera kwina? Mutiuzenso zimene ls -ln (lamulo loonetsa nambala ya mwini ndi zilolezo) ikuonetsa pa fayilo imodzi ya mu foda yakale ndi imodzi ya mu yatsopano, tisanakuuzeni zosintha zina.