Madayisi a agogo ochokera ku Burma: ndi juga yanji imeneyi?

Mdzukulu wa msilikali: Abale, ndithandizeniko. Sabata yatha tikusesa m'nyumba ya malemu agogo aamuna ku Zomba, tinapeza kachitini ka fodya pansi pa bokosi lawo lachitsulo. M'katimo muli madayisi atatu, koma alibe timadontho. Ali ndi zithunzi: chisoti chachifumu, nangula, mtima ndi zizindikiro zina zitatu zija za pamakadi. Agogowo anali mu KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali a ku Africa pansi pa Britain), anadzera ku Ceylon (lero Sri Lanka) n'kukalowa ku Burma (lero Myanmar) mu 1944. Akamakamba za nkhondo, nkhani inali mvula ndi misundu ya ku chigwa cha Kabaw ku Burma komweko basi. Za juga sanatchulepo, paja anali mkulu wampingo. Amasewera bwanji zimenezi?

Mphunzitsi wopuma: Mwanawe, imeneyo ndi Crown and Anchor, juga ya amalinyero ndi asilikali a ku Britain pa nkhondo zonse ziwiri zapadziko lonse. Fufuzaninso m'bokosimo, pamafunika kansalu kojambulidwa zithunzi zomwezo zisanu ndi chimodzi. Umaika ndalama pa chithunzi chomwe wakonda, mwini nsalu n'kuponya madayisi. Chikatuluka kamodzi wawina ndalama yofanana ndi yomwe unaika, kawiri wawina kawiri, katatu wawina katatu. Koma taonani masamu ake: madayisiwo angagwe m'njira 216, ndipo pa njira 125 chithunzi chako sichioneka n'komwe. Wodyerera ndi mwini nsalu. Akuluakulu a usilikali ankailetsa, ankalola Housey-housey, yomwe lero timati bingo. N'chifukwa chake ankagwiritsa nsalu osati thabwa: sajeni akatulukira, umangoipinda n'kuponya m'thumba.

Wa ku Perth: Kuno ku Australia yawo ndi two-up. Amaponya makobiri awiri m'mwamba kuchokera pa kathabwa, anthu atazungulira n'kumabetcha kuti agwa mbali iti. Pa 25 Epulo, tsiku la Anzac, boma limalola kusewera m'malo ena pokumbukira asilikali awo. Ndinayesako chaka chatha, ya basi yobwerera inathera pomwepo.

Mdzukulu wa msilikali: Zikomo aphunzitsi. Kansalu kaja ndakapeza! Kamene kanakulungidwa mamendulo awo ndi komweko, kothimbirira, nangula akuonekabe pakona. Ndiye kuti agogo sanali obetcha, anali eni nsalu? Ndawauza azakhali, angoseka n'kunena kuti, “Iwe unkaganiza kuti makina osokera aja anagula ndi malipiro a usilikali?”