Mwana wanga wa autism sanayambe kulankhula

Mayi wofunsa: Mwana wanga wa zaka 3 adamupeza ndi autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena), ndipo mpaka pano sanatchulepo liwu lililonse, akafuna madzi amangondigwira dzanja n'kundikokera pamene pali kapu. Kodi ndingamuthandize bwanji?

Mphunzitsi: Mayi, kukukokani dzanjako ndi njira yake yolankhulira. Muzigwada pafupi naye popanda kumukakamiza kukuyang'anani m'maso, munene kuti "madzi" momveka bwino, kenako mudikire pang'ono musanamupatse kapuyo.

Bambo wina: Akamuyezenso makutu, chifukwa kusamva bwino kumachedwetsanso kulankhula. Wanga adathandizidwa kwambiri ndi zithunzi zoloza zimene akufuna, ndipo sizidamulepheretse kuphunzira mawu.

Mayi wofunsa: Zikomo kwambiri, ndiyamba ndi makutuwo, kenako ndifunafuna katswiri wa kalankhulidwe.