Kodi ife a pawayilesi ndife "omvera" kapena "omvetsera"?

Wa ku Chitakale: Abale thandizeni. Dzulo madzulo tili pakhonde, muulutsi wina anati "moni omvera athu nonse", agogo anga aakazi n'kuphulika kuseka. Akuti, "Ine ndimvere wayilesi? Ndi amfumu imeneyo?" Kwa iwo womvera ndi mwana amene ukamutuma kumjigo amanyamula ndowa osanyinyirika. Ife otchera khutu ndife omvetsera basi. Nditati nditsutse, anangondifunsa kuti ndinabadwa liti.

Mayi wa ku Thekerani: Mwandikumbutsa malemu agogo anga inu. Anali ndi wayilesi ya Nzeru yofunditsa kansalu koluka, mabatire akafooka ankawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe. Ikakwana nthawi ya Nkhani za M'maboma, oyandikana nafe onse ankadzaza pakhonde. Mwana ungotsokomola, umve, "Chete iwe, tikumvera wayilesi!" Zoti kumvetsera sindinawamvepo.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Agogo a ku Chitakalewo akunena zoona. Kumvera ndi kuchita zimene wauzidwa. Wayilesi ikati mawa kugwa mvula, inu n'kupitabe kukathyola tiyi, mwaimvera pamenepo? Mwangoimvetsera.

Mnyamata wa pa Limbuli: Aphunzitsi, nanga "kumvera nyimbo"? Nyimbo imalamula ndani?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Imalamula miyendo, mwana wanga. Ukaimvera umavina. Ukangokhala pampando, wamvetsera chabe.

Bambo wa ku Chonde: Pamenepo ndiye mwandifika pamtima. Agogo anga ankavina tchopa, ndipo kwa iwo pabwalo panalibe munthu wongomvera. Wina akatsogolera nyimbo, ena nonse muvomere, kaya muwombe m'manja, amayi alulutire. Akakuona waima phee ngati mtengo ankakukoka dzanja, amvekere, "Gule ndi aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo." Gulu longokhala duu kumamvera labwera ndi kabokosika. MBC inayamba mu 1964, kenako mu 1968 Chichewa n'kusankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko. Makolo athu kuno, amene pakhomo ankayankhula Chilhomwe kapena Chimang'anja, mawu ambiri anangowatola pawayilesipo.

Mayi wa ku Thekerani: Ndiye ngati wayilesi yomweyo imati omvera, ife tikukangana chiyani?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Mayi, cholakwika chikanenedwa zaka zambiri sichisanduka cholondola. Ine ndikadali pomwepo: omvetsera.

Nachisale wa ku Bvumbwe: Bola omverawo ndi mawu athu. Tamvani ana a masiku ano pa mawayilesi ena: "mafanzi anga muli bho?" Mdzukulu wanga ndinamufunsa kuti mafanziwo ndi ndani, akuti ndi ine ndemwe. Chiganizo chimodzi, theka Chingerezi, theka sindikudziwa.

Mnyamata wa pa Limbuli: Amayi, nanga "wayilesi" ndi "batire" ndi mawu a makolo? Inunso munabwereka, ife tikungopitiriza ngongole.

Nachisale wa ku Bvumbwe: Mwaonatu mayankhidwe ake? Ameneyu si womvera ayi.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Mwamva? Amayiwa angowagwiritsa ntchito mawuwo m'mene ndakhala ndikunenera muja.

Wa ku Chitakale: Zonsezi ndawawerengera agogo. Akuti aphunzitsiwo anaphunziradi, enanu mubwere akufotokozereni bwino. Koma pano andituma ndikagule mabatire awiri, akuti akufuna kumvera uthenga wa maliro.